Digiri ya zamalamulo ya pa intaneti: kodi ingakufikitseni pa uloya kuno kwathu?

Ambiri mwa anthu a kuno ku Mzuzu amene amalakalaka uloya ali kale pantchito: aphunzitsi, apolisi, makalaliki a kukhoti, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe. Kusiya ntchito n'kukakhala ku Zomba zaka zinayi, banja litatsala ku Katoto kapena ku Luwinga, n'kosatheka kwa ambiri. Ndiye maso amathamangira ku masukulu akunja amene amaphunzitsa pa intaneti. Maganizowo si olakwika, ndipo digiri yotere ikhoza kukhala yeniyeni, yolemera ngati ina iliyonse. Koma digiri ndi laisensi ya uloya n'zosiyana, ndipo ozipereka ake ndi osiyananso. Yunivesite imapereka digiri basi. Chilolezo choimirira munthu pa mlandu m'khoti la ku Malawi chimachokera kwa mkulu wa makhoti, Chief Justice, motsatira lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act. Yunivesite ya ku London kapena ya ku Pretoria ilibe mawu pamenepo.

Choncho musanalipire tambala iliyonse, dziwani kaye mmene munthu amalowera uloya kuno, kenako muone ngati digiri imene mukuifunayo ikulowa m'njira imeneyo.

Pali mabungwe anayi oti muwasiyanitse bwinobwino, chifukwa anthu amawasokoneza. National Council for Higher Education, imene timangoti NCHE, imaona ngati sukulu ndi maphunziro ake zili zovomerezeka, ndipo imaunikanso mapepala ochokera kunja. Council of Legal Education ndi khonsolo yoyang'anira maphunziro a zamalamulo okhaokha. Iyi ndiyo imanena ngati digiri yanu ili yokwanira kwa munthu wofuna uloya. Malawi Institute of Legal Education, kapena kuti MILE, ndi sukulu yosulira anthu amene ali kale ndi digiri kuti adziwe kagwiridwe ka ntchito, ndipo maphunziro ake amathera pa mayeso a Malawi Law Examination. Lachinayi ndi bungwe la maloya la Malawi Law Society. Kalata ya NCHE yonena kuti yunivesite yanu ndi yovomerezeka ndi yofunika, koma siyikukakamiza khonsolo ya zamalamulo kuti ikulandireni. Anthu ambiri amapunthwa pomwepa: amatenga yankho la ofesi imodzi n'kuliyesa yankho la onse.

Mukadutsa ku MILE ndi kukhoza mayeso, mumalemba pempho lopita kwa mkulu wa makhoti. Pempholo limaonedwanso ndi mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo komanso bungwe la maloya, ndipo onsewa akhoza kutsutsa ngati mapepala anu kapena mbiri yanu ili ndi banga. Likavomerezedwa mumalumbira m'khoti, dzina lanu n'kulowa m'kaundula wa maloya. Ngakhale pamenepo simunamasuke kwenikweni. Kuvomerezedwa koyamba kumabwera ndi malire: simutsegula ofesi yanuyanu, mumayamba mwagwira ntchito pansi pa loya wamkulu kapena m'maofesi a boma, kenako mumabwereranso kukapempha kuti malirewo achotsedwe. Kuno kulibe zogawa maloya pawiri ngati ku England, kumene ena ndi a muofesi ena ndi a m'khoti. Loya wa ku Malawi amachita zonse.

Pa magawo onsewa, intaneti ingakuthandizeni pa gawo loyamba lokha, la digiri. Enawo amafuna inu mwini mukhalepo. Ngati cholinga chanu n'kusachoka ku Mzuzu mpaka tsiku lovala mkanjo wa uloya, werengerani bwino, chifukwa nthawi ya ku MILE idzafuna tchuthi cha kuntchito ndi ndalama zokhalira kwina.

Kalata yoyamba kulemba

Kulipira fizi ya digiri yakunja musanafunse khonsolo kuli ngati kumanga nyumba ya malata pa puloti yopanda mapepala: nyumbayo ikhoza kukongola, koma tsiku lina mudzauzidwa kuti malowo si anu. Lemberani Council of Legal Education kalata, osati kuimba foni kapena kufunsa mnzanu wa ku ofesiko. M'kalatamo tchulani dzina lonse la yunivesite, dziko lake, dzina la digiri monga lidzalembedwere pa satifiketi, zaka zimene maphunzirowo amatenga, mndandanda wa maphunziro onse, ndi mmene mayeso amalembedwera. Nenani poyera kuti mudzaphunzira muli kunyumba. Ena amabisa zimenezi poganiza kuti satifiketi sidzaonetsa, koma pepala la magiredi likhoza kuulula, ndipo munthu wofuna uloya akagwidwa ndi bodza pa pempho lake, nkhani ya digiri imachepa, imene imakula ndi ya khalidwe lake.

Funsani mafunso olunjika. Kodi digiri yophunzira patali ya yunivesite imeneyi imalandiridwa kuti munthu alowe ku MILE? Pali maphunziro amene ayenera kuoneka pa pepala la magiredi? Pali chiwerengero cha zaka chimene digiriyo iyenera kukwanitsa? Kodi pakufunika umboni woti digiriyo ingamulole munthu kulowa uloya m'dziko limene yachokera? Yankho lolembedwa mulisunge ngati chiphaso cha malo, ndipo mufunsenso pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, popeza malamulo amasintha inu muli mkati mwa maphunziro.

Kusamala kumeneku kuli ndi chifukwa. Mayiko saona digiri ya pa intaneti mofanana. Ku India bungwe la maloya silivomereza digiri ya uloya yophunzira patali. Ku New York nakonso salandira digiri yakunja yophunzira pa intaneti kwa ofuna kulemba mayeso a uloya. Yunivesite yotchuka ikhoza kukupatsani digiri yabwino ndithu, koma khomo la dziko lina n'kukhala lotseka.

Masukulu amene anthu amawatchula kawirikawiri

University of London yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo kuyambira mu 1858. Digiri yake yoyamba ya zamalamulo, yotchedwa LLB, ili ndi maphunziro 12, ndipo munthu amaloledwa kuimaliza pakati pa zaka zitatu ndi zisanu ndi chimodzi. Amene ali kale ndi digiri ina, mwachitsanzo ya uphunzitsi ya ku Mzuni, akhoza kupempha njira yachidule ya maphunziro 9, imene itha kutha m'zaka ziwiri. Chidulecho chimakoma, koma ndi chifukwa chake funso la zaka lija liyenera kukhala m'kalata yanu: ngati olandira akuwerenga zaka, njira yachidule ikhoza kukutayitsani zambiri kuposa zimene yakupulumutsirani. Chaka choyamba amaphunzitsa malamulo a mapangano, a milandu yaupandu, a kayendetsedwe ka boma, ndi kayendedwe ka makhoti ndi kawerengedwe ka malamulo. Ubwino wa London ndi wakuti malamulo athu anachokera ku England komweko. Lamulo la atsamunda la 1902 ndilo linabweretsa kuno malamulo a ku England, ndipo mpaka lero zigamulo zakale za kumeneko zimatchulidwa m'makhoti athu. Mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932, wa mayi amene anapeza nkhono yowola m'botolo la chakumwa, amauwerenga wophunzira wa ku London ndi wa ku Zomba yemwe.

University of South Africa (UNISA) ya ku Pretoria ili pafupi, fizi yake ndi ya marandi, ndipo nthawi yawo ndi yathu n'chimodzimodzi. Nelson Mandela anamaliza digiri yake ya zamalamulo kudzera ku UNISA ali m'ndende. LLB yawo ndi ya zaka zinayi, maphunziro 40 ang'onoang'ono. Vuto lake ndi la mtundu wa malamulo. South Africa imayendera malamulo osakaniza, amene muzu wake ndi wa Aroma ndi Adatchi. Pa mapangano, mwachitsanzo, ife timatsatira mfundo ya ku England yakuti lonjezo limamanga munthu pokhapokha winayo ataperekapo kapena kulonjezapo kanthu. Ku South Africa mfundo imeneyo kulibe. Malamulo a chipukuta misozi munthu akakulakwira nawonso amayalidwa mosiyana. Wophunzira wa UNISA akafika ku MILE amakhala ndi ntchito yomasula zina zimene anazolowera. Ndipo amene akuganiza kuti adzangopita kukagwira uloya ku Johannesburg adziwe kuti lamulo lawo la Legal Practice Act la 2014 limafuna kuti wolowa uloya akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, kuwonjezera pa nthawi yosulidwa pansi pa loya ndi mayeso awo.

Za ku America ndizo zimadzaza intaneti ndi zotsatsa, ndipo ndizo zosokoneza kwambiri kwa munthu wa kuno. Kumeneko digiri ya uloya imatchedwa JD, ndipo imaphunziridwa ndi munthu amene ali kale ndi digiri yoyamba. Laisensi imaperekedwa ndi chigawo chilichonse pachokha, ndipo zigawo zambiri zimafuna kuti sukulu ikhale yovomerezedwa ndi bungwe la maloya la American Bar Association (ABA). St. Mary's University ya ku San Antonio, Texas, ndiyo inali yoyamba kuloledwa ndi bungwelo kuphunzitsa JD yonse pa intaneti, mu 2021. California ili ndi njira yakeyake: imalola masukulu ophunzitsa patali amene ABA sinawavomereze, koma ophunzira a masukulu ongolembetsedwa chabe amaphunzira zaka zinayi, maola 864 pachaka, ndipo akamaliza chaka choyamba amalemba mayeso a First-Year Law Students' Examination, amene ayenera kuwakhoza mkati mwa maulendo atatu oyamba kuti zonse zimene aphunzira ziwerengedwe. Laisensi ya California imagwira ntchito ku California. Kuwonjezera apo, kalasi ya 6 koloko madzulo kumeneko imakupezani kuno 3 kapena 4 koloko m'bandakucha, ndipo fizi ndi ya madola. Kwa munthu amene akufuna kudzaima m'khoti la ku Mzuzu, ine njira imeneyi sindiilimbikitsa n'komwe.

England ili ndi njira ina imene inayamba mu 2021, mayeso olowera uloya otchedwa SQE. Gawo loyamba ndi mapepala awiri a mafunso, lachiwiri ndi la luso logwirira ntchito, ndipo pamafunikanso zaka ziwiri za ntchito ya zamalamulo yotsimikizidwa. Imeneyo ndi laisensi ya England ndi Wales; wofuna kugwira ntchito kuno adzadutsabe pakhomo la khonsolo yathu.

Chenjeraninso ndi mayina a mapepala. LLM ndi digiri yachiwiri, kawirikawiri ya chaka chimodzi, ndipo masukulu ena amalandira ngakhale munthu amene sanaphunzirepo zamalamulo. Imamveka yapamwamba kuposa LLB, koma payokha simupanga munthu kukhala loya. Dipuloma ya zamalamulo ndi satifiketi ya othandiza anthu pa milandu n'zothandiza pantchito, ndipo zitha kukhala makwerero olowera ku digiri, koma si uloya. Ndipo sukulu ikamalonjeza LLB m'miyezi 12, kapena kuti ikupatsani digiri poona zaka zimene mwagwira ntchito, kapena ikamati mulipire kudzera pa nambala ya foni ya munthu, thawani.

Mapepala olowera ndi ndalama

MSCE yokha nthawi zambiri siyikwana ku masukulu amenewa, chifukwa amaiwerengera pa mlingo wotsikirapo kuposa umene amafuna. Amene ali ndi dipuloma yovomerezeka kapena digiri ndiwo amalowa mosavuta. A ku South Africa amafunanso kuti mapepala akunja aunikidwe ndi mabungwe awo, ndipo zimenezi zimatenga miyezi, choncho yambani msanga. Chinthu chaching'ono chimene chimachedwetsa anthu ambiri ndi mayina. Satifiketi ya MANEB ili ndi dzina la agogo, chiphaso cha unzika chili ndi la bambo, pasipoti ili ndi la kubanja, mwina kwinaku Mhango kwinaku Muhango. Konzani zimenezi ndi chikalata cholumbirira musanalembetse, ndipo dzina limene mwalembetsera ku yunivesite likhale lomwelo limene lidzaoneke pa pempho lanu la uloya.

Pa ndalama, chiwerengero chimene chalembedwa pa tsamba la yunivesite si chimene mudzalipire. Fizi ndi ya ndalama zakunja, malipiro anu ndi a makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Munthu amene amayembekezera kulipira madola 1,000 anagona akufunika K1,180,000, n'kudzuka akufunika K1,700,000. Pa maphunziro a zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoterezi muziziyembekezera. Ngakhale makwacha muli nawo, ndalama zakunja kubanki sizipezeka tsiku lomwe mwazifuna. Pamafunika kalata ya yunivesite, invoisi, ndi kudikira pamzere. Tsiku lotsekera kulembetsa mayeso silidikira banki. Perekani pempho lanu kubanki miyezi iwiri nthawi isanakwane, sungani malisiti onse, ndipo musamalipire kudzera mwa anthu osadziwika a pamsika wamdima, chifukwa ndalama ikasowa panjira mulibe poidandaulira. Onjezaninso pa bajeti mabuku, mabandulo, ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre ngati mayeso akulembedwera pamalo osankhidwa, kenako fizi ya ku MILE ndi malo ogona.

Nthawi

Apa ndi pamene maloto ambiri amafera, ndipo masamu ake ndi osavuta. Phunziro limodzi la ku London analiyeza kuti limadya maola pafupifupi 300. Onse 12 ndi maola 3,600. La ku UNISA ndi maola 120. Onse 40 ndi maola 4,800. Munthu wapantchito amene akuwerenga maola awiri tsiku lililonse la mkati mwa sabata ndi asanu Loweruka amapeza maola 15 pasabata. Pa masabata 45, kuchotsa maliro, maukwati, matenda a ana ndi ntchito zakumunda, ndi maola 675 pachaka. Amenewo ndi maphunziro awiri a ku London pachaka, kutanthauza zaka zisanu ndi chimodzi, malire enieni amene yunivesite imalola. Mukalephera phunziro limodzi, mpata wobwereza mulibe. Choncho amene wasankha London ayenera kupeza maola oposa 20 pasabata kuti azitenga maphunziro atatu zaka zina. Kulakwitsa kwina ndi kwa mbali inayo: kutenga maphunziro anayi chaka choyamba chifukwa cha changu, n'kulephera awiri, ndalama zamayeso n'kupita.

Kawerengedwe kake nakonso n'kachilendo kwa amene anazolowera kuloweza manotsi. Mayeso a zamalamulo amakupatsani nkhani: wina wagulitsa galimoto yobisika vuto, wogula wachita nayo ngozi, wavulaza woyenda pansi, langizani onse atatu. Woyesa akufuna aone kuti mwapeza nkhani zenizeni zimene zili pamenepo, mwatchula lamulo ndi chigamulo chimene chikuikira kumbuyo, mwaligwiritsa ntchito pa zimene zachitikazo, ndipo mwafika pa yankho. Ophunzira patali ambiri amalephera pa gawo lachitatulo. Amalemba masamba atatu a zonse zimene akudziwa za mapangano, osamukhudza n'komwe mwini galimoto uja. Mankhwala ake ndi amodzi: kuyambira mwezi wachiwiri, sabata iliyonse yankhani funso limodzi la mayeso akale mutatchera wotchi, kenako werengani malipoti a oyesa pamene yunivesite imawatulutsa. Zigamulo zikuluzikulu muziziwerenga zenizenizo, osati chidule cha mizere isanu. Mapulogalamu a pa kompyuta olemba mayankho amapeka milandu imene sinachitikepo, ndipo kugwidwa mukukopera kumalembedwa pa mbiri yanu, mbiri yomweyo imene idzafunsidwe tsiku la pempho.

Za magetsi ndi netiweki musazitenge mwachibwana. Mayeso a pa intaneti amakhala ndi nthawi yotumizira mayankho, ndipo ena amafuna kuti kamera kapena pulogalamu yolondera ikhale yoyaka. Laputopu ikhale ndi batire losunga moto maola atatu kapena kuposa, mukhale ndi mizere iwiri, wa TNM ndi wa Airtel, yonse ili ndi bandulo, ndipo muyese malo olembera sabata imodzi mayeso asanafike, pa ola lomwelo la mayeso. Netiweki imene imathamanga 5 koloko m'mawa ku Chibavi si imene mudzaipeze 2 koloko masana. Zikavuta mkati mwa mayeso, jambulani sikirini ikuonetsa nthawi ndipo lembani imelo tsiku lomwelo. Dandaulo lopanda umboni silimveka. Kumbukiraninso kuti London imatsalira ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndi maola awiri miyezi inayo. Anthu aphonyapo mayeso chifukwa cha ola limodzi limenelo.

Zimene digiri yakunja sidzakuphunzitsani

Gawo ili ndilo limandikhudza kwambiri, chifukwa olipira mtengo wake ndi anthu amene mudzawaimirire. Ku London mudzaphunzira kuti nyumba ya malamulo ndiyo ili pamwamba pa zonse, popeza Britain ilibe buku limodzi la malamulo aakulu. Kuno n'zosiyana kotheratu. Gawo 5 la malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 limati lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chotsutsana nawo n'chopanda mphamvu. Ndi mphamvu imeneyi imene khoti linagwiritsa ntchito pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 pothetsa chilango cha imfa chokakamiza, pa mlandu wa Gwanda mu 2017 pothetsa ndime ya vakabu imene inkamangitsa anthu chifukwa chongopezeka akuyenda usiku, ndiponso pa 3 Febuluwale 2020 pofafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Palibe mphunzitsi wa ku London kapena ku Pretoria amene adzakufunseni za milandu imeneyi, koma loya wa ku Malawi wosaidziwa sangaime pamaso pa jaji.

Malamulo a malo ndi chimodzimodzi. Mudzathera miyezi pa malamulo a ku England a 1925 ndi 2002, pamene munthu amene adzagogode pa ofesi yanu ku Mzuzu akulimbirana dimba ku Ekwendeni kapena puloti ku Mchengautuwa, nkhani za Land Act ndi Customary Land Act a 2016, mafumu ndi makomiti a malo. Mayi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda nyumba akufuna munthu wodziwa lamulo la chuma cha masiye la 2011 ndi la maukwati la 2015, komanso womvetsa mmene lobola imayendera kuno kumpoto kusiyana ndi chikamwini cha kwina. Wochotsedwa ntchito akufuna Employment Act ya 2000 ndi njira ya ku Industrial Relations Court. Womangidwa akufuna wodziwa Penal Code, Criminal Procedure and Evidence Code, ndi gawo 42 la malamulo aakulu, limene limati munthu akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Pa milandu ya pakati pa anthu ku High Court pali malamulo a kayendetsedwe ake a 2017.

Musadikire MILE kuti idzakuphunzitseni zonsezi m'kanthawi kochepa. Phunziro lililonse limene mukuchita, tsegulani kope lachiwiri la za kuno. Mukamaliza mutu wa kuba kapena kupha mwangozi m'buku la ku England, tsegulani Penal Code yathu muone ndime yofanana nayo, kenako fufuzani zigamulo ziwiri kapena zitatu pa MalawiLII, tsamba laulere limene lili ndi malamulo ndi zigamulo za makhoti athu. Ola limodzi pasabata likukwana, bola lisadumphidwe.

Ndipo pitani kukhoti. Mzuzu ili ndi mwayi umene maboma ambiri alibe: High Court ili pompano, makhoti a majisitireti alipo, a Legal Aid Bureau aliponso. Milandu yambiri imazengedwa poyera, aliyense akhoza kulowa n'kukhala kumbuyo. Valani mwaulemu, zimitsani foni, imirirani woweruza akamalowa, weramani pang'ono potuluka. Mukakhala m'mawa umodzi mudzaona zimene vidiyo siingakuonetseni: wapolisi woimira boma akuwerenga mlandu m'Chingerezi, womasulira akuutembenuzira m'Chitumbuka, woimbidwa mlandu akuyankha ndi nkhani yaitali pamene wafunsidwa kuti akuvomera kapena akukana, majisitireti akulemba mawu aliwonse ndi dzanja, loya akudikira cholembera chiime asanafunse funso lina. Mudzaona pempho la belo likukanidwa chifukwa achibale odzaikira umboni abwera opanda ziphaso. Mudzamvanso pamene kumasulira kwapotoza yankho la mboni, ndipo mudzazindikira chifukwa chake loya wa kuno womva Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde amathandiza anthu ake kuposa wodalira womasulira yekha.

Wophunzira patali amasowanso anthu. Wa ku Zomba amatuluka ali ndi anzake a m'kalasi, aphunzitsi omudziwa, ndi chizolowezi choyankhula pamaso pa anthu m'makhoti oyeserera. Inu muyenera kuzipezera nokha zimenezi. Pezani anzanu awiri kapena atatu ophunzira zomwezo, muzikumana Loweruka, wina aimire wodandaula, wina woyankha, wachitatu akhale jaji. Pemphani ofesi ya maloya kapena bungwe lothandiza anthu pa milandu kuti muzithandizako pa tchuthi, ngakhale ntchito yake ikhale yosanja mafayilo ndi kukapereka zikalata ku kaundula wa khoti. Kumeneko ndi kumene mudzaphunzire kuti chikalata chimabwezedwa chifukwa cha chidindo chosowa, ndiponso kumene mudzapeze loya wamkulu wodzakulandirani nthawi ya malire ija ikadzafika.

Pochita zonsezi samalani malire anu. Anthu a kumpingo ndi a m'dera akangomva kuti mukuphunzira zamalamulo amayamba kukutchulani loya, n'kumabwera ndi masamani ndi mapangano ogulitsirana malo. Kuwafotokozera zimene lamulo likunena ndi kuwalozera ku Legal Aid Bureau kapena kwa loya n'kwabwino. Kudzitcha loya, kulandira ndalama ngati loya, kapena kulemba zikalata zimene lamulo linasungira maloya ndi mlandu, ndipo kungakutsekereni khomo limene mwalivutikira zaka zonsezo.

Khonsolo ikayankha kuti digiri imene munaifuna siyilandiridwa, njira zilipobe. Funsani ngati pali yunivesite ina kapena maphunziro owonjezera amene angakwaniritse chosowacho. Onaninso masukulu a konkuno amene khonsolo inawavomereza, monga University of Malawi ku Zomba ndi Catholic University ku Nguludi, ndipo mufunse za ndondomeko yawo ya anthu apantchito. Ena akaunika bwino amapeza kuti chimene amafuna si kuima m'khoti ayi, koma kukwera pantchito kubanki, ku inshulansi, ku boma kapena m'bungwe. Kwa amenewo LLB ya pa intaneti yovomerezedwa ndi NCHE ndi yokwanira, ngakhale popanda laisensi.

Kwa amene adzafike mpaka polumbira, laisensi si ya moyo wonse. Imatengedwa chaka ndi chaka, ndipo kuti ikonzedwenso pamafunika kukhala membala wolipira wa Malawi Law Society, kusonkha ku thumba loteteza ndalama za makasitomala, kuchita maphunziro owonjezera a chaka chimenecho, kugwirako milandu yaulere ya anthu osauka, ndi kuonetsa kuti misonkho ndi mabuku a ndalama zili bwino. Bungwe la maloya limatulutsa mndandanda wa amene ali ndi laisensi chaka chimenecho. Mukamasankha loya woti mudzagwire ntchito pansi pake, yambani mwaona ngati dzina lake lili pa mndandandawo, chifukwa miyezi imene mungagwire pansi pa munthu wopanda laisensi ikhoza kukanidwa podzapempha kuti malire anu achotsedwe.